Umodelo ndi ntchito, ndipo ntchito imafuna pepala

Mu Okutobala 2023 nyuzipepala ya ku London ya The Sunday Times inatulutsa nkhani imene mpaka lero ikukanganitsa anthu. Atolankhani ake anapeza kuti maejenti a mamodelo amafika kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Kakuma, kumpoto chakumadzulo kwa Kenya, kukasaka anyamata ndi atsikana aatali, ochepa thupi, akuda bii, makamaka ochokera ku South Sudan, n'kuwakweza ndege ulendo wa ku Paris, ku Milan ndi ku London kukaonetsa zovala. Ena zinawayendera. Koma ena anabwezedwa kumsasa patangotha masabata kapena miyezi yochepa, ali chimanjamanja, pamwamba pake atapatsidwa pepala lonena kuti ali ndi ngongole ya ma euro masauzande: ya tikiti ya ndege, ya viza, ya bedi limene ankagonapo, ya ndalama ya m'thumba imene ankaiyesa thandizo. Nkhaniyi itafalikira, anthu anagawikana. Gulu lina linati si izi tinkanena, ntchito yoonetsa thupi ilibe dalitso, ana athu asayandikireko. Gulu lina linati musatseke khomo, taonani Adut Akech, anakulira ku Kakuma komweko koma mu 2019 anapatsidwa ku London mphoto ya modelo wopambana wa chakacho. Ine sindigwirizana ndi onse awiri, ndipo chifukwa chake ndi chimodzi. Umodelo ndi ntchito ngati utelala, ukalipentala kapena uphunzitsi, ndipo uyenera kukhala ndi kontirakiti, malipiro odziwika, maola owerengeka ndi lamulo louteteza. Amene amautcha uhule ndi amene amautcha mwayi wogwa kumwamba amaoneka ngati adani, koma akuchita chinthu chimodzi: onse akukana kuutcha ntchito, ndipo mtsikana amene zochita zake sizitchedwa ntchito alibe kumene angakadandaule akaberedwa.

Ndiyambe ndi mawu amene timamva kwambiri kuno kwathu, onena za chikhalidwe. Amene amalankhula mawuwa si anthu opepera, ndipo sindikufuna kuwaseka. Ambiri ndi makolo amene akudera nkhawa ulemu wa ana awo. Iwo amati mwana wamkazi woleredwa bwino sangayende pa nsanja maso a anthu mazanamazana ali pa miyendo yake, sangavule pamaso pa anthu achilendo kuti asinthe diresi, ndipo chithunzi chake chikakhomedwa pa chikwangwani m'mbali mwa msewu, ulemu wa banja lonse wakhomedwa pomwepo. Amawonjezera kuti kumene kuli atsikana okongola ndi mabwana a ndalama, mapeto ake timawadziwa tonse. Yankho langa loyamba ndi la mbiri yathu yomwe. Kuchokera mu 1973 mpaka 1993 dziko la Malawi linali ndi lamulo loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo anthu ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti lamulolo likachoka, chikhalidwe chitha. Linachoka, ndipo lero namwino, loya, wapolisi ndi mayi wa mvano amene akupalasa njinga kupita kumunda amavala thalauza popanda dziko kugwa. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi pa msewu, akunena kuti akuteteza mwambo, ndipo dziko lonse linaona bwino lomwe kuti wochititsa manyazi tsiku limenelo anali ndani. Nkhani ya chovala ikasanduka muyeso wa khalidwe la mkazi, amene amavulala ndi mkaziyo. Yankho lachiwiri ndi lakuti ntchitoyi anthu sakuidziwa. Mamodelo ambiri padziko lapansi sayenda pa nsanja ya ku Paris. Amajambulidwa atavala majuzi, mayunifomu a sukulu, zovala za amayi oyembekezera ndi nsapato zogulitsa pa intaneti. Alipo amene ntchito yawo ndi kuima m'chipinda cha osoka kuti chovala chiyezedwe pa thupi la munthu wamoyo chisanadulidwe m'fakitale, ndipo nkhope zawo palibe amene amaziona. Aliponso amene amajambulidwa manja okha potsatsa sopo kapena wotchi. Mayi amene akumwetulira pa kalendala ya banki imene yapachikidwa pa khoma la abusa ndi modelo, ndipo palibe amene anapemphapo kuti kalendalayo ichotsedwe.

Komabe sindingathawe funso la chipembedzo ndi chikumbumtima, chifukwa ndi funso loona. Apa nkhani ya Halima Aden imatithandiza. Iye anabadwira ku Kakuma mu 1997, anakulira ku Minnesota ku America, ndipo anakhala modelo wotchuka akuvala hijabu. Mu kontirakiti yake munalembedwa kuti hijabu savula, ndipo pa ziwonetsero ankapatsidwa malo akeake osinthira zovala. Kumapeto kwa 2020 analengeza kuti wasiya kuyenda pa nsanja chifukwa anaona kuti pang'ono ndi pang'ono ntchitoyo inkamukankhira kumene chikhulupiriro chake sichifuna. Otsutsa umodelo amaitenga nkhaniyi ngati umboni wawo. Ine ndikuona kuti ikuikira umboni mbali yanga. Chimene chinamuteteza zaka zimene anagwira ntchito chinali pepala lolembedwa bwino, ndipo chimene chinamulola kuchoka mutu uli m'mwamba ndi chakuti panalibe chingwe chomumanga. Mtsikana amene wamangidwa ndi ngongole alibe ufulu wokana chovala chimene sakuchifuna. Choncho amene akufuna kuteteza ulemu wa ana athu ayenera kukhala patsogolo pofuna makontirakiti, chifukwa ulemu wopanda mphamvu yonena kuti ayi ndi ulemu wapakamwa chabe.

Mfundo yachiwiri imene otsutsa amapereka ndi yakuti palibe luso lililonse apa. Amati telala anaphunzira, namwino analemba mayeso, koma modelo anangobadwa wamtali, ndiye tingamutche bwanji wantchito munthu amene chuma chake ndi mwayi wa chibadwa? Pali choona pang'ono m'mawuwa. Maejensi, makampani amene amapezera mamodelo ntchito, pa zovala zapamwamba amafunadi msinkhu ndi muyeso wakutiwakuti, ndipo amene alibe sangaugule. Koma n'chimodzimodzi ndi goloboyi, woponya nkhonya kapena woimba kwaya. Temwa Chawinga anabadwa ndi liwiro, ndipo palibe amene amati mphoto ya wosewera wopambana imene anatenga mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 anangoitola pa msewu. Chibadwa chimakufikitsa pa khomo, zotsala ndi thukuta. Pa nyengo ya ziwonetsero zikuluzikulu, imene imachitika kawiri pa chaka kuyambira ku New York kudzera ku London ndi ku Milan n'kukathera ku Paris, modelo watsopano amatha tsiku lonse akuthamanga kuchoka pa malo ena osankhira mamodelo kupita ena, mumzinda umene chilankhulo chake sachidziwa, akuima pa mzere maola awiri kuti ayende masitepe khumi n'kuuzidwa kuti zikomo, wotsatira. Akasankhidwa amayezedwa zovala mpaka pakati pa usiku. Wojambula zovala za pa intaneti amafuna kuti modelo asinthe zovala zambirimbiri pa tsiku limodzi, chilichonse chioneke ngati ndi chimene amachikonda kuposa zonse. Zovala za nyengo yozizira zimajambulidwa kukutentha, za nyengo yotentha kukuzizira, chifukwa zithunzi ziyenera kukhala zitakonzeka nyengoyo isanafike. Amene akuti palibe luso ayese kuima pamaso pa kamera atavala nsapato zomuthina n'kuoneka ngati mtima uli m'malo.

Pali mtundu wina wa umodelo umene umaonetsa bwino kuti iyi ndi ntchito ya thupi, ndipo ndi umene anthu amaunyoza kwambiri: kuima kapena kukhala pamaso pa ojambula pamanja ndi osema. M'sukulu za luso padziko lonse, ophunzira amaphunzira mmene mafupa ndi minofu zimagwirizirana pojambula munthu wamoyo, kawirikawiri wosavala, monga mmene wophunzira udokotala sangadziwire thupi pongowerenga buku. Modelo wotere amagwira kaimidwe kamodzi mphindi 20 kapena kuposerapo osasuntha, amapuma pang'ono, n'kubwerera pomwepo, dzanja pamene linali, khosi pamene linali, mwina kwa masabata angapo mpaka chithunzi chitatha. Yesani kukweza dzanja mphindi zisanu zokha mumve mmene phewa limayakira. Ngakhale ngozi za pa ntchito zilipo kuyambira kale. M'nyengo yozizira ya 1851 ndi 1852 ku London, Elizabeth Siddal anagona maola ambiri m'bafa la madzi kuti wojambula pamanja John Everett Millais amujambule. Tsiku lina nyale zimene zinkatenthetsa madziwo zinazima, wojambula sanazindikire, mtsikanayo sanadandaule, ndipo anadwala kwambiri. Bambo ake anamukakamiza Millais kulipira madokotala. Ndimawakonda bambo amenewa. Sanamutsekere mwana wawo m'nyumba, sanamutche dzina loipa, anapita kwa wolemba ntchito ndi bilu m'manja.

Tsopano ndifike pa mfundo yolimba kuposa zonse, imene ndaiganizira nthawi yaitali. Otsutsa ena amavomereza kuti umodelo ndi ntchito, koma amati ndi ntchito yovunda kuyambira ku mizu, moti kholo lanzeru liyenera kungomuletsa mwana basi. Umboni ali nawo, ndipo ndi wowawa. Mu Ogasiti 2006 Luisel Ramos wa ku Uruguay anamwalira ali ndi zaka 22 atangotsika pa nsanja ku Montevideo, atatha nthawi yaitali akudzimana chakudya. Mu Novembala chaka chomwecho Ana Carolina Reston wa ku Brazil anamwalira ndi matenda okana kudya ali ndi zaka 21. Jean-Luc Brunel, mwini ejensi ya mamodelo komanso mnzake wa Jeffrey Epstein, mpondamatiki wa ku America amene anamangidwa pa milandu yozembetsa atsikana, anamangidwa ku Paris mu Disembala 2020 pa milandu yokhudza kugwirira atsikana, ndipo anafera m'ndende mu 2022 mlandu usanazengedwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo apa nyerere zake ndi linthumbu. Koma tiyeni tione mmene nyererezi zimalowera. Modelo watsopano akasaina ndi ejensi, kawirikawiri samalandira malipiro a pa mwezi. Ejensi imamulipirira ndege, viza, zithunzi zoyambira, makadi amene amasiya kwa osankha, ndi bedi m'nyumba imene amagona mamodelo angapo m'chipinda chimodzi. Zonsezi zimalembedwa pa akaunti yake. Akapeza ntchito, wolemba ntchitoyo amalipira ejensi, ejensi imachotsa komishoni, imachotsa ngongole, ndipo chotsala, ngati chilipo, chimafika patatha miyezi. Magazini otchuka amalipira zochepa kwambiri chifukwa amati dzina lawo ndi malipiro kale, ndipo osoka ena akhala akulipira ndi zovala m'malo mwa ndalama. Modelo wotchuka Linda Evangelista ananenapo mu 1990 kuti iye ndi anzake sadzuka pa bedi ngati palibe madola 10,000 pa tsiku, ndipo mawu amenewo akhala akunamiza ana ambiri, chifukwa pa Evangelista mmodzi pali gulu la atsikana amene akubwerera kwawo ndi ngongole.

Mmalawi aliyense amene anakulira kufupi ndi esiteti ya fodya wazindikira kale chimene ndikufotokozachi. Ndi utenanti. Mwini esiteti amakutenga kwanu ndi lole yake, amakupatsa chimanga, feteleza ndi mchere pa ngongole, mitengo amalemba yekha m'buku limene iwe suliona, fodya amagula yekha pa mtengo wake, ndipo pakutha pa nyengo amakuuza kuti wagwa. Nyumba ya malamulo itakambirana za nkhanzazi, mu 2021 inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Sinaletse kulima fodya, ndipo palibe amene ananena kuti mlimi wa fodya ndi munthu wopanda khalidwe. Tinaloza chala pa buku la ngongole. Mayiko ena achita chimodzimodzi ndi umodelo. Ku France lamulo limamuwerenga modelo ngati wolembedwa ntchito, ejensi imafunika laisensi, ndipo kuyambira 2017 modelo ayenera kukhala ndi chikalata cha dokotala chotsimikiza kuti thanzi lake lili bwino, pamene zithunzi zotsatsa malonda zimene thupi lasinthidwa pa kompyuta ziyenera kulembedwa kuti zasinthidwa. Chaka chomwecho makampani awiri aakulu a zovala zapamwamba, LVMH ndi Kering, anasaina pangano loletsa kugwiritsa ntchito mamodelo oonda mopyola ndi ana osakwana zaka 16 pa zovala za akuluakulu, ndipo mu 2019 Kering inalengeza kuti ikukweza malirewo kufika pa zaka 18. Ku New York bungwe la Model Alliance, limene Sara Ziff, modelo mwini wake, anayambitsa mu 2012, linamenya nkhondo zaka zingapo mpaka bwanamkubwa Kathy Hochul anasaina Fashion Workers Act mu Disembala 2024. Lamuloli linayamba kugwira ntchito mu Juni 2025. Limalamula ejensi kulembetsa ku boma, limaletsa komishoni yopitirira 20 peresenti, limaletsa kontirakiti yopitirira zaka zitatu kapena yodzikonzanso yokha mwini wake asanavomere, ndipo limafuna kuti modelo aone mfundo za ntchito ndi malipiro ake asanayambe kugwira. Zonsezi zinatheka chifukwa mamodelo anaima n'kunena kuti ndife antchito. Akadavomera kuti zimene amachita ndi zamanyazi, akadakhala chete mpaka lero.

Ndiye kuletsa kumathandiza chiyani? Tili ndi chitsanzo chapafupi. Atsikana a ku Malawi akhala akupita ku Oman kukagwira ntchito za m'nyumba atalonjezedwa zabwino ndi maejenti a pa Facebook ndi WhatsApp, ndipo mu 2024 BBC inaonetsa mmene ambiri analandidwira mapasipoti n'kuzunzidwa. Munthu angachoke mwakachetechete pa ulendo wotere, osafunsa aliyense, poopa kuti akanena kunyumba aletsedwa. Mwana amene waletsedwa sasiya kulota, amangosiya kukuuza. Mtsikana wa zaka 19 amene walandira uthenga pa Instagram kuchokera kwa munthu wodzitcha ejenti wa ku Dubai kapena ku Johannesburg, ngati kunyumba kwawo mawu akuti modelo ndi mwano, sadzaonetsa uthengawo kwa amayi ake kapena kwa amalume ake amene amadziwa kuwerenga kontirakiti. Adzatumiza zithunzi zimene wapemphedwa, adzabwereka ndalama yolembetsera, ndipo sadzakhala ndi womuuza kuti ejensi yeniyeni imapeza ndalama modelo akapeza ntchito, siilipiritsa munthu pomulemba, ndiponso siipempha zithunzi zamaliseche pa foni. Lamulo lathu la 2015 lolimbana ndi kuzembetsa anthu limagwira ntchito zinthu zitaonongeka kale. Chimene chimapulumutsa zisanaonongeke ndi nyumba imene mwana angabweretse pepala pa mphasa n'kunena kuti amalume, tandiwerengerani ichi.

Pali mfundo ina yachangu imene ndingoyankha mwachidule: akuti ntchitoyi ndi yaifupi, ukafika zaka 30 watha. Pa zovala zapamwamba kawirikawiri ndi zoona, ngakhale otsatsa malonda amafuna nkhope za misinkhu yonse, kuphatikizapo agogo. Koma mpira nawo ndi waufupi, ndipo sitiletsa ana kusewera, timangowauza kuti sukulu asasiye ndipo ndalama asunge. Chachilendo ndi makina. Kuyambira 2017 pa intaneti pali Shudu, mkazi wakuda wokongola amene sanabadwepo, wopangidwa pa kompyuta ndi wojambula wa ku Britain, Cameron-James Wilson, ndipo mu 2025 kampani ya zovala ya H&M inalengeza kuti ikupanga mapasa a pa kompyuta a mamodelo 30. Izi zikhoza kuchepetsa ntchito, sindikana. Koma zikuonetsanso kuti nkhope ya munthu ndi katundu amene angakopedwe n'kugulitsidwa mwini wake ali m'tulo, ndipo lamulo la ku New York lija limafuna chilolezo cholemba, chapadera, asanapange kapena kugwiritsa ntchito chifaniziro chotere. Apanso chitetezo chili pa pepala.

Ndatsutsa kwambiri mbali imodzi, tsono ndiyenera kutembenukira kwa anzanga a mbali inayo, amene amaukonda umodelo koma amadana ndi malamulo. Eni maejensi ali ndi mfundo imene iyenera kumvedwa. Amati ife timaika ndalama zathu pa mwana amene palibe akumudziwa, mwa atsikana khumi mwina mmodzi ndiye adzabweza, ndipo ambiri mwa amene alephera sitiwalondola ngongoleyo. Mukatimanga ndi malamulo tidzasiya kupita ku Kakuma, ndipo sipadzakhalanso Alek Wek, modelo amene anathawa nkhondo ku Wau, m'dziko limene lero ndi South Sudan, anapezedwa ku London mu 1995, n'kusintha maganizo a dziko pa nkhani ya kukongola kwa mkazi wakuda ataoneka pa chikuto cha magazini ya Elle mu 1997. Ndikumva. Koma malonda alionse ali ndi ngozi, ndipo mwini minibasi akagula galimoto yoipa sauza kondakitala kuti agawane naye ngongole ya ku banki. Ejensi ndi imene imadziwa msika, imadziwa kuti chaka chino osoka akufuna nkhope yotani, ndipo ikaphonya, kuphonyako ndi kwake. Ngongole imene ejensi ikuti siilondola imagwirabe ntchito yake, chifukwa mtsikana amene wauzidwa kuti ali ndi ngongole amaopa kufunsa, amaopa kukana, amaopa kusamuka. Ndipo tisanamizane za chifukwa chimene osaka nkhope amakondera msasa wa othawa kwawo. Kukongola kulipo ku Juba, ku Nairobi ndi ku Lagos. Kumsasa kuli chinthu china chowonjezera, chimene ndi munthu wopanda kwina kopita. Ife tili ndi Dzaleka ku Dowa, msasa umene unatsegulidwa mu 1994 ndipo lero muli anthu oposa 50,000 amene lamulo limawapanikiza pa nkhani yogwira ntchito kunja kwa msasa. Muli achinyamata aluso, aliyense amene anafikapo pa chikondwerero cha Tumaini cha mumsasamo amadziwa. Tsiku limene wosaka nkhope adzafike kumeneko ndi kamera ndi malonjezo, ndikufuna kuti adzapeze anthu odziwa mafunso oyenera kumufunsa.

Ngakhale tisanafike kutali choncho, za kuno kwathu zili ndi utenanti wakewake, waung'ono koma wa tsiku ndi tsiku. Mwana wa mchemwali wanga anayenda pa chiwonetsero china cha zovala m'tauni. Anayeserera masiku anayi, thiransipoti yake, tsitsi ndi zodzoladzola zake, nsapato zobwereka. Matikiti anagulitsidwa, malo anadzaza, woimba analipidwa, wa zokuzira mawu analipidwa, ngakhale mlonda wa pa geti analandira yake. Atsikana amene anthu anabwera kudzaona anapatsidwa mbale ya mpunga ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, n'kuuzidwa kuti apeza mwayi wodziwika. Patapita miyezi anaona nkhope yake pa chikwangwani chotsatsa malonda a kampani imene sanalankhulepo nayo. Atafunsa, anamuyankha kuti ayenera kuthokoza. Amayi ake, amene poyamba sankafuna n'komwe kuti apite, anati ndinakuuza. Ine ndinati mlamu wanga akadakhala bambo ake a Siddal, tikadapita ndi bilu. Mtsikanayu sanaberedwe chifukwa choti anavala diresi lalifupi, diresi lake linali lachitenje lofika m'mapazi. Anaberedwa chifukwa panalibe pepala, ndipo panalibe pepala chifukwa onse, okonza chiwonetsero, makolo ake, ngakhale iye mwini, ankaona ngati akuchita masewera. Kuno timasakanizanso umodelo ndi mipikisano ya chiphadzuwa, pamene ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chiphadzuwa amapikisana kuti apate korona ndi mphoto, modelo amalembedwa kuti agulitse katundu wa wina, ndipo wogulitsa katundu wa wina amalipidwa.

Zofunika kulemba pa pepalalo si zambiri, ndipo sizifuna loya wa ku London. Ndalama zingati, tsiku lanji, ndani akulipira. Maola angati, ndipo akapitirira chichitike n'chiyani. Zovala zotani, kuti pasakhale zodzidzimutsa m'chipinda chosinthira. Zithunzi zigwiritsidwa ntchito kuti, pa Facebook pokha kapena pa chikwangwani, m'Malawi mokha kapena mpaka ku Lusaka ndi ku Tete, kwa miyezi ingati, chifukwa mtengo wa tsiku lojambula ndi wosiyana ndi mtengo wogwiritsa ntchito nkhope chaka chonse. Ngati ndi ulendo wakunja, tikiti yobwerera ili kuti, pasipoti isunga ndani, ndipo ntchito ikapanda kupezeka ngongole igwera ndani. Ngati mwana sanakwane zaka 18, zimene malamulo aakulu a dziko lino kuyambira 2017 amati akadali mwana, kholo lisaine ndipo munthu wamkulu wa kunyumba akhale pomwepo mpaka kamera itazimitsidwa. Okonza ziwonetsero adzati ndalama palibe, msika wa zovala zosokedwa kuno ndi waung'ono, kaunjika watipha. Zoona, ndipo osoka athu akulimbana ndi zovuta zenizeni. Koma amene alibe ndalama yolipira atsikana khumi ndi asanu alembe asanu n'kuwalipira, monga mmene amachitira ndi oimba. Mwana wa mchemwali wanga uja anaitanidwanso chaka chotsatira ndi anthu omwewo. Anawatumizira tsamba limodzi lolembedwa pa foni, lokhala ndi mtengo wake ndi miyezi imene zithunzi zingagwiritsidwe ntchito. Anakhala chete masiku atatu, kenako anayankha kuti mtengowo wakwera, achotseko pang'ono.